Chipondamthengo chikasanduka ndalama ya mankhwala

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, mu 2018, tinalawirira kuchoka mu Zomba kupita ku Kachulu. Tinali atolankhani angapo m'galimoto ya bungwe lina limene linakonza ulendowo. Ine ndinali nditamwa mankhwala anga a shuga ndi tiyi wopanda chomwera, poganiza kuti ikamakwana 10 koloko tikhala titaponyako kanthu kukamwa. Mlendo wolemekezeka anachedwa. Tinaima padzuwa, pamatope ouma ong'ambikang'ambika pamene kale asodzi ankakocheza mabwato odzaza matemba ndi makumba, n'kumadikira. Dzuwa litafika paliwombo ndinayamba kutuluka thukuta lozizira. Cholembera chinkanjenjemera m'manja. Ndinafunsa msodzi wina funso, iye n'kuyankha, ine n'kumufunsanso funso lomwelo, lilime likulemera ngati si langa. Kumbuyo ndinamva mnzanga wina akunong'oneza anzake kuti, "Akuluwa alawirira mowa lero."

Amene anazindikira anali mayi wina wogulitsa zitumbuwa pansi pa chisakasa. Anandigwira pamkono n'kundikhazika pa chidebe chozondotsa. "Bambo, kodi muli ndi shuga?" Ndinangogwedeza mutu. Anasungunula masupuni angapo a shuga m'kapu ya madzi, n'kundimwetsa atandigwirira kapuyo ngati mwana, kenaka anandipatsa zitumbuwa ziwiri. "Bambo a kunyumba kwanga amatero akachedwa kudya," anatero mayiwo. Patapita mphindi zingapo m'maso munayera. Nkhani ndinaitumiza madzulo omwewo ndipo inatuluka. Kwa mkonzi wanga sindinanene chilichonse.

Sindinanene chifukwa ndinkadziwa pamene ndinaima. Ndinali mtolankhani wa kuboma, wotumiza nkhani ku likulu la nyumba yofalitsa nkhani kuchokera kuno ku Zomba, ife amene timalipidwa nkhani ikatuluka basi. Tilibe kontirakiti, tilibe malipiro a pamwezi. Chimene tili nacho ndi foni ya mkonzi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Munthu wotere sachotsedwa ntchito, poti sanalembedwe n'komwe. Foni imangosiya kulira. Mkonzi akangomva kuti uyu amadwaladwala, mawa kukachitika ngozi pa Thondwe, kapena kukakhala mlandu waukulu kukhoti, amaimbira mnyamata wina wamiyendo yolimba. Sikuti amachita mwankhanza ayi, iyenso ali ndi tsamba loti adzaze nthawi isanamuthere. Koma kwa wodwalayo zotsatira zake n'zimodzi: mwezi umenewo palibe ndalama ya lendi, palibenso ya mankhwala.

Pazaka zimene ndakhala ndi shuga ndikugwira ntchitoyi, ndaona kuti matenda amgonagona paokha munthu amatha kukhala nawo. Chimene chimamugwetsa mtolankhani wodwala ndi kalipiridwe ka nkhani m'dziko muno. Ndipo akagwa sagwa yekha. Amagwa ndi nkhani zimene inu owerenga ndi omvera mumayenera kumva.

Si ife ochepa. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga. Ambiri mwa a BP aja sankadziwa n'komwe. Atolankhani sitinachokere kumwamba. Timadya nsima yomweyo, timamwa zozizilitsa kukhosi zomwezo pamisonkhano, ndipo tulo timagona tochepa kuposa anthu ambiri. Muonjezepo amene ali pa ma ARV, a mphumu, a khunyu, a impso, ndi amene akulimbana ndi matenda a maganizo, amene ife a mu Zomba timangowatchula monong'ona ngakhale chipatala chachikulu cha matendawa chili pakhomo pathu pomwe. Mukalowa m'chipinda cha msonkhano wa atolankhani, dziwani kuti m'zikwama zina muli mapilitsi obisidwa pansi pa kope.

Matenda a shuga safuna zambiri, koma zimene amafunazo sanyengerera. Amafuna udye pa nthawi yake, usadumphitse mankhwala, usamale mapazi, ndipo tsiku la kiliniki likafika upite. Tsikulo limayamba kusanache. Umadzuka osalawa kanthu, chifukwa magazi amayezedwa m'mimba muli pululu. Ukafika umapeza anzako a ku Jali, a ku Mayaka, a ku Chingale atafika kale, timabuku tawo ta kuchipatala titandandalikidwa pabenchi m'malo mwa eni ake. Umaika kako kumapeto. Amakubaya chala, amakumanga mkono, umakwera pasikelo, kenaka umadikira adokotala, amene ali okha pa khamu lonselo. Foni m'thumba ikungolira. Tsiku lina ndinaiyankha ndili pamzere. "Akulu, muli pati? Kwachitika zinthu pa Songani." Ndinanama kuti ndili kumaliro. Maliro amamveka kwa aliyense. Kiliniki imabala mafunso. Ukafika pawindo la mankhwala nthawi ili cha m'ma 11, ndipo mwezi wina umamva kuti, "Mankhwala a shuga a Metformin alipo bambo, koma a BP atha, mukagule." Anamwinowo sindiwada, sapanga mankhwala ndi iwo. Koma mawu oti "mukagule" amatanthauza sitolo ya mankhwala m'tauni, ndipo kumeneko safunsa ngati nkhani yako inatuluka kapena ayi.

Apa ndiye pamalowera chipondamthengo. Achinyamata ena amaganiza kuti mawuwa anayamba ndi atolankhani. Chipondamthengo ndi kangachepe kamene munthu amapereka kwa sing'anga kuti akalowe m'tchire kukakumba mankhwala. Ife tinabwereka dzinalo n'kulipatsa envulopu ija imaperekedwa msonkhano ukatha, mutasaina pafomu, imene ena amaitcha ya thiransipoti. Kwa mtolankhani wathanzi envulopuyo ndi chiyeso. Kwa wodwala imabwerera ku tanthauzo lake lakale: ndi ndalama ya mankhwala.

Ndinenepo za ine mwini, poti za anzanga sindingaulule. Tsiku lina ndinapita kumsonkhano wa bungwe lina ndili ndi funso limene ndinalikonza sabata yathunthu. Anthu a m'mudzi wina anali atandionetsa mijigo imene pamapepala inalembedwa kuti inakonzedwa, koma ikutulutsa mpweya wokhawokha. M'botolo langa kunyumba munali mutatsala mapilitsi a masiku atatu, ndipo malipiro a nkhani za miyezi iwiri anali asanafike. Nthawi ya mafunso itakwana ndinayang'ana mtsikana wa mafomu atakhala pafupi ndi chitseko, maenvulopu ali pamiyendo. Ndinafunsa funso lina lofewa. Funso la mijigo ndinabwerera nalo m'thumba, pamodzi ndi envulopu. Madzulo ndinagula mankhwala a mwezi wathunthu. Palibe anandiopseza tsiku limenelo, palibe anandiuza kuti ndikhale chete. Ndinadzitseka ndekha pakamwa, ndipo amayi a m'mudzi uja anapitiriza kutunga madzi kudambo. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindikuzinena kuti mundimvere chisoni. Ndikufuna muone pamene matenda a munthu mmodzi amakhudzira madzi a mudzi wonse.

Chaka ndi chaka, pa 3 Meyi, timavala malaya ofanana n'kuguba, kukumbutsa boma za gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapereka ufulu wofalitsa nkhani. Timadzudzula apolisi akamanga mnzathu, ndipo timachita bwino kutero. Koma pali mantha ena amene sabwera atavala yunifolomu. Mtolankhani amene mankhwala ake akudalira envulopu ya amene akuwalemba si mfulu, ngakhale wapolisi asanamukhudzepo.

Palinso mantha achiwiri amene sindinamvepo akukambidwa pamaphunziro alionse a utolankhani. Wodwala matenda amgonagona amachidziwa chipatala kuposa mtolankhani wina aliyense. Amadziwa mwezi umene mankhwala anatha, amadziwa kuti makina oyezera anafa liti, amaona agogo akubwezedwa atalipira kabaza kuchokera kutali. Nkhani imene wina angaifufuze mwezi wathunthu iye amakhala nayo pabenchi. Koma ailembe bwanji, poti mwezi wamawa adzaimanso pawindo lomwelo, kabuku kali m'manja, dzina lake lili pachikuto? Mwina palibe angamuchite kanthu. Anamwino ambiri amafunitsitsa kuti mavutowa amveke. Komabe mtima umagunda. Amene ali ndi khadi la sikimu ya zaumoyo angathe kulemba mopanda mantha, chifukwa ali ndi kwina kopita. Mtolankhani wa kuboma alibe kwina. Choncho amene akudziwa zambiri ndi amene amakhala chete, ndipo nkhani za matenda osapatsirana zimangotuluka pa tsiku lokumbukira matenda a shuga, pa 14 Novembala, nduna ikalankhula.

Lamulo lilipo, koma silifika kumene tili. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limati wantchito amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda: masabata anayi akulandira malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu akulandira theka, chaka chilichonse, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Ndi lamulo labwino kwa amene ali m'kaundula wa antchito. Nanga amene wakhala akutumiza nkhani zaka zisanu, mwina khumi, dzina lake likutuluka m'nyuzipepala sabata ndi sabata, mawu ake akumveka pawailesi m'mawa uliwonse, koma pepala loti ndi wantchito alibe? Theka la malipiro amene kulibe ndi chiyani? Komanso lamuloli linaganizira matenda amene amakugwetsa n'kukusiya. Athu sagwetsa kawirikawiri. Amangofuna m'mawa umodzi pakapita kanthawi, moyo wonse.

Eni nyumba zofalitsa nkhani ali ndi yankho lawo, ndipo sindikufuna kulinyoza. Amati ndalama kulibe. N'zoona. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapepala osindikizira nyuzipepala amachokera kunja, zipangizo za wailesi nazonso. Otsatsa malonda ambiri anasamukira pa Facebook, ndipo owerenga amayembekezera kuti nkhani iwapeze pa WhatsApp ulere. Mawailesi a m'madera amayenda ndi achinyamata ongodzipereka. Zonsezi ndimazidziwa, ndipo sindikufuna kuti nyumba imene imandidyetsa igwe. Koma kugwa kwa kwacha komweko kunakwezanso mankhwala, poti nawonso amachokera kunja. Vutolo linagwera tonse, kusiyana kwake n'kwakuti kampani ikhoza kuchedwetsa ngongole, pamene thupi silidikira.

Ndiponso zimene tikupempha si zonse zofuna ndalama zambiri. Choyamba pa zonse ndi kulipira pa nthawi yake. Ndalama ya nkhani imene inatuluka mu Januwale ikafika mu Epulo, kwa wowerengera ndalama ku likulu ndi kuchedwa chabe. Kwa wa khunyu ndi masabata opanda mankhwala, ndipo khunyu ukalidumphitsira mankhwala limabwerera, mwina uli pa kabaza, mwina uli pafupi ndi moto. Kwa wa shuga ndi kuyamba kumwa piritsi limodzi m'malo mwa awiri kuti afike kumapeto kwa mwezi, uku maso ndi impso zikuonongeka mwakachetechete. Ndipo impso zikafooka ulendo wake ndi wa ku Blantyre, ku makina osefa magazi, kawiri kapena katatu pa sabata. Ntchito imathera pomwepo. Pepala losonyeza kuti munthuyu ndi wathu, ndi kandalama kochepa kokhazikika pamwezi, sizingagwetse kampani imene imadalira munthuyo kuti imve za boma lonse la Zomba, kuyambira ku Chingale mpaka ku chilumba cha Chisi. Tsiku la kiliniki lidziwike pakati pa mkonzi ndi mtolankhani wake ngati mmene limadziwikira tsiku lopuma, kuti munthu asamaphe abale ake ndi pakamwa pofuna kukayezetsa magazi.

Kwa ife eni ake ndili ndi mawu owawirapo. Mnzathu akamwalira, uthenga umazungulira m'magulu a WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe ndalama ya bokosi yapezeka, ya nkhata yapezeka, ya minibasi yopita kumudzi yapezeka. Timalemba mawu okoma, timaika chithunzi chake. Munthu yemweyo miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ankasowa ya mankhwala, ndipo ena tinkaona akuonda, n'kumangoti, "Akuluwa masiku ano sakuoneka bwino." Mnzako akapsa ndevu umamuzimira moto ukadali pandevu. Ngati tingathe kusonkherana pa maliro, tingathenso kusonkherana mwezi ndi mwezi. Mabungwe athu, MISA Malawi ndi Journalists Union of Malawi, ali ndi mayina a mamembala ndiponso mawu amene amamveka. Mtolankhani mmodzi wa ku Domasi sangakambirane mtengo ndi sikimu ya zaumoyo ngati MASM; atolankhani mazana angapo atapita ngati gulu limodzi akhoza kumvedwa. Mphoto za chaka ndi chaka n'zabwino, koma ndikanakonda msonkhano waukulu umodzi utathera pa nkhani imeneyi yokha.

Pali enanso amene amanena mosabisa kuti utolankhani ndi ntchito ya miyendo, wodwala akapume. Pang'ono pokha akunena zoona. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 sindinapite kumene madzi anasefukira. Ndinali ndi kabala kuphazi, ndipo wa shuga amadziwa kuti bala lake limachedwa kupola. Kuliviika m'matope ndiko kuitana mpeni wa dokotala. Anapita anzanga, ndipo anagwira ntchito yotamandika. Koma amene amaganiza kuti utolankhani wonse ndi kuthamanga sanaudziwe. Nkhani zimene zimagwedeza dziko zambiri zimapezeka munthu atakhala pansi, akuwerenga pepala limene ena alibe nalo chipiriro. Ndipo pa ntchito yotere Zomba ndi munda wachonde. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990, koma nkhokwe ya zolembedwa zakale za boma, National Archives, ikadali kuno. Ofesi ya kalembera ndi ziwerengero, National Statistical Office, ili kuno. Khoti lalikulu lili kuno, ndende yaikulu ili kuno, akatswiri a ku University of Malawi ali pa Chirunga pomwepa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, ndipo limafuna munthu wodekha wolemba kalata, kudikira, kulembanso. Mkonzi wanzeru akakhala ndi mtolankhani wa zaka makumi awiri pantchito amene miyendo yayamba kumuvuta, amamupatsa mabuku a ndalama za khonsolo, osati kumusiya kuti foni izizire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko ena tinakuphunzira pabenchi la kuchipatala.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya kuulula. Ife atolankhani timakhala ndi njala ya matenda a anthu ena. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, akuluakulu ena n'kumabisa kwa masiku awiri, tinakumba usana ndi usiku, ndipo tinkayenera kutero chifukwa mpando umene anakhalapo unali wa dziko lonse. Mu 2004, Pulezidenti Bakili Muluzi atanena poyera kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, tinalemba kuti ndi kulimba mtima. Chaka chomwecho ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, ndipo kuno ku Zomba kiliniki ya ma ARV ya Tisungane inatsegulidwa. Kuyambira pamenepo takhala tikuika maikolofoni pakamwa pa amayi a m'midzi kuti afotokozere dziko lonse mmene akukhalira ndi kachilombo. Iwo analankhula, ndipo kulankhula kwawo kunapulumutsa anthu. Ife amene tinkagwira maikolofoniwo tikubisabe mapilitsi pansi pa kope.

Komabe sindikunena kuti mtolankhani aliyense wodwala aime pachulu. Matenda ndi a mwini wake. Mtolankhani si pulezidenti, ndipo owerenga alibe ufulu wodziwa za magazi ake. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilombo, ndipo mzimu wa lamulo limeneli uyenera kufikira matenda enawa. Chimene ndikufuna n'chakuti amene wasankha kunena asataye nacho chakudya. Pakali pano kunena kuli ndi mtengo, ndipo kubisa kulinso ndi mtengo wake. Pa Kachulu paja, mayi wa zitumbuwa akanapanda kukhalapo, anzanga akanandigoneka m'galimoto kuti mowa undichoke. Shuga akatsika kwambiri munthu amakomoka, ndipo akasiyidwa choncho akhoza osadzukanso. Anzangawo sanali oipa mtima. Sankadziwa chifukwa ine sindinawauze. Masiku ano paulendo uliwonse ndimauza munthu mmodzi, n'kumuonetsa thumba limene muli maswiti. Mkonzi amene ndikugwira naye ntchito pano ndinamuuzanso. Anakhala chete kanthawi pafoni, kenaka anati, "Akulu, bambo anga analinso ndi shuga. Muzingondiuza tsiku." Ali dere n'kulinga utayenda naye. Koma uwu ndi mwayi wanga, ndipo akadzachoka pampandopo palibe pepala limene lidzakakamize wobwerayo kuchita chimodzimodzi.

Mwezi wathawu mtsikana wina amene wangomaliza maphunziro a utolankhani anandipeza pamalo ena omwera tiyi pafupi ndi msika. Nkhani zake ndinaziwerengapo. Ali ndi khutu lomva zimene anthu sakunena. Anadikira mpaka anzathu atachoka, kenaka anatulutsa kabotolo m'chikwama n'kukaika patebulo. Ndi wa khunyu kuyambira ali ku pulayimale, ndipo papita zaka asanagwe chifukwa mankhwala sadumphitsa. Anali ataitanidwa kukayesedwa ntchito ku Blantyre.

"Ankolo, ndikawauze?"

Ndinafuna kumuuza kuti inde, akanene mosaopa, adzamulemba chifukwa cha luso lake. Ndinayang'ana kabotolo kaja, ndinakumbukira foni zimene zinasiya kulira kwa anzanga ena. "Chemwali," ndinatero, "ukayambe wasaina kaye. Ukasaina, upeze mnzako mmodzi womudalira muofesimo, umuuze zoyenera kuchita ukadzagwa: akugoneke cham'mbali, achotse zinthu zimene zingakupweteke, asakuike kanthu m'kamwa." Analemba zimenezi m'kope lake ngati akulemba nkhani, n'kubweza kabotolo pansi pa chikwama.